Tipange Tokha Kapena Tikagule? Phunziro la Kawerengedwe ka Ndalama

Pa mitu yonse imene taphunzira chaka chino m'phunziro la zamalonda, pali umodzi umene ndaona kuti ntchito yake sithera m'chipinda cha mayeso. Mutuwu umayankha funso limene makolo athu amakumana nalo mwezi ndi mwezi, ngakhale iwo salitchula ndi dzina la m'buku: kodi chinthu chimene tikuchifunachi tichipange tokha kapena tikagule kwa ena? Womanga nyumba amadzifunsa ngati aumbe njerwa zake kapena akagule zootchaotcha. Mayi amene ali ndi makina osokera amadzifunsa ngati asoke yekha mayunifolomu a ana kapena akatenge osokasoka kumsika. Nawo Abambo amene amasunga chuma pa sukulu yogonera pompo ngati yathu ino amayenera kuganiza ngati buledi wa anyamata aziphikidwa pakhomo kapena azibwera pa galimoto. Ndapempha malo m'magazini yathuyi kuti ndifotokoze mutuwu m'Chichewa, kuti nawonso makolo akamawerenga atiuze ngati za m'bukuzi zikugwirizana ndi zimene iwo amaziona.

Lamulo lake ndi lalifupi. Posankha pakati pa njira ziwiri, tiwerenge ndalama zokhazo zimene zisinthe chifukwa cha kusankha kwathuko. Mabuku a Chingerezi amaitcha ndalama yotere relevant cost. Kuti ndalama ilowe m'gulu limeneli iyenera kukhala ya m'tsogolo, osati imene inatuluka kale, ndiponso ikhale yosiyana pa njira ziwirizo. Ngati tidzailipirabe kaya tapanga kaya tagula, ilibe mawu pa mlanduwu, tiyiike pambali. Kunena n'kosavuta. Kuvuta kwake kumaoneka munthu akagwira pensulo, choncho tiyeni tiyigwire.

Tiyerekeze kuti pali mayi ena amene amaweta nkhuku zoikira mazira 150. Nkhuku zochuluka chotere zimadya pafupifupi matumba 10 a makilogalamu 50 pamwezi. Mitengo imene ndigwiritse ntchito pano ndi yongoyerekeza kuti masamu ayende bwino. Aliyense aikepo mitengo ya kumsika wa kwawo. Tinene kuti thumba la chakudya cha nkhuku kusitolo ndi K60,000, ndipo kulifikitsa pakhomo ndi K2,000. Ndiye kuti kugula kumawadyera mayiwa K620,000 pamwezi.

Tsono mayiwa ali ndi chimanga chawo m'nkhokwe, ndipo aganiza zoti azisakaniza okha chakudyachi. Pamwezi pafunika matumba 6 a chimanga. Pafunikanso soya wa K150,000. Madeya, laimu, mchere ndi mankhwala a mavitamini za K70,000. Kugayitsa kuchigayo K20,000. Ndi waganyu wokazinga soya ndi kusakaniza K20,000. Zonsezi, kupatula chimanga, zikukwana K260,000.

Apa pakubwera alangizi awiri. Woyamba ndi mlamu wawo. Iye akuti, "Alamu, chimanga n'chanu chomwe, simugula. Ndalama yotuluka m'thumba ndi K260,000 basi. Mukupulumutsa K360,000 mwezi uliwonse, mukuchedwa nazo chiyani?" Wachiwiri ndi mphwawo amene amagwira ukalaliki m'tauni, munthu wosafuna kusiya kanthu kunja kwa buku. Iye akulemba K260,000 ija, kenaka K300,000 ya chimanga, pakuti mavenda akugula thumba pa K50,000. Sakulekera pomwepo. Akuonjeza K30,000 monga gawo la lendi ya nyumba imene muli kachipinda kosakaniziramo, K40,000 monga gawo la malipiro a mnyamata wosamala nkhuku amene azithandizako, ndi K10,000 ya kutha kwa sikelo ndi mgolo zimene mayiwa anagula chaka chatha. Zonse pamodzi K640,000. Ndiye akuti, "Azakhali, musavutike. Kupanga nokha kukuposa kugula ndi K20,000."

Onse awiri ndi anthu abwino, koma onse awiri aphonya, wina mbali iyi wina mbali inayo.

Tiyambe ndi mlamu uja, chifukwa kulakwa kwake ndi kumene kuli kofala m'midzi mwathu. Chimanga cha m'nkhokwe si chaulere. N'zoona kuti palibe amene alembe lisiti nkhuku zikachidya, koma matumba 6 amenewo akanatha kugulitsidwa pa K300,000, ndipo mayiwa akawapereka kwa nkhuku ndalama imeneyo aitsanzika. Phindu limene munthu amalisiya chifukwa chosankha njira ina limatchedwa opportunity cost. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Thumba limodzi silingapite kwa venda n'kupitanso kukhola. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo ndalama yoopsa kwambiri pa zonse, chifukwa siituluka m'thumba anthu akuona. Munthu atha kukhala zaka zitatu akukondwa kuti mazira akumupindulira, chikhalirecho akungosandutsa chimanga chake kukhala mazira a mtengo womwewo, n'kuonjezapo thukuta lake.

Pali kanthu kena apa kamene anzanga ambiri timakodwa nako pa mayeso. Wina atha kunena kuti, "Chabwino, chimanga tichiwerenge, koma tiwerenge ndalama imene mayiwa anaononga pochilima: feteleza, mbewu ndi aganyu." Iyayi. Kaya thumba lililonse linawadyera K20,000 kumunda kaya K70,000, ndalama imeneyo inapita m'dzinja lapitalo ndipo palibe chimene angachite lero kuti ibwerere. Funso la lero ndi lakuti thumbalo lingabweretse zingati atalitulutsa pakhomo. Ngati kulifikitsa kumsika kumafuna kulipira wanjinga, ndalama ya wanjingayo tiyichotse pa mtengo wogulitsira, chifukwa sikanafika m'manja mwawo.

Tsopano kalaliki uja. Chimanga wachilemba bwino, koma zinthu zitatu zomalizazo walowetsa alendo osaitanidwa. Lendi ya nyumba mayiwa adzalipira yonse, kaya asakaniza chakudya kaya agula. Mwini nyumba sadzatsitsa mtengo poona kuti kachipinda kamodzi kakungokhala. Mnyamata wosamala nkhuku ndi wapamwezi, malipiro ake sasintha. Sikelo ndi mgolo zinagulidwa kale. K80,000 imeneyi ikupezeka mbali zonse ziwiri, choncho singatiuze mbali yabwino. Tikaichotsa, kupanga kukudya K560,000 ndipo kugula K620,000. Mayiwa apange okha, ndipo apulumutsa K60,000 pamwezi. Si K360,000 ya mlamu wawo ija, koma ndi ndalama ndithu, ndipo akanamvera mphwawo akanaitaya.

Chimene chinandikometsera masamu amenewa n'chakuti amatiuzanso tsiku loti tisinthe maganizo. Pakati pa K620,000 ya kusitolo ndi K260,000 ya zosakaniza zina pali mpata wa K360,000. Tikaugawa pa matumba 6 tikupeza K60,000. Ndiye kuti malinga ngati mavenda akugula thumba la chimanga pa mtengo wosafika K60,000, kupanga kuli bwino. Koma tonse tikudziwa mmene chimanga chimakwerera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zikapepuka. Thumba likafika pa K65,000, kupanga kudzadya K650,000, ndipo ngati sitolo sinakweze mtengo wake, nzeru ndi kugulitsa chimangacho n'kukagula chakudya chopangapanga. Kawirikawiri sitolo nayo imakweza, chifukwa fakitale imagulanso chimanga chomwecho. N'chifukwa chake masamuwa safunika kuchita kamodzi n'kutseka kope. Yankho la mu Juni si yankho la mu Febuluwale.

Ndipo ndisakusokeretseni kuti lendi siwerengedwa nthawi zonse. Tinene kuti kachipinda kaja kali m'mbali mwa msewu, ndipo wometa tsitsi wina akufuna kuti azikalipira K80,000 pamwezi ngati mayiwa atakasiya. Pamenepo kachipindako kalowa pa mlandu, chifukwa kusakaniziramo chakudya kukutanthauza kukana K80,000. Kupanga kwafika pa K640,000 ndipo kugula kwapambana. Dzina la ndalama, kaya ndi lendi kaya ndi malipiro, silitiuza kanthu. Chofunsa n'chimodzi: kodi isintha kapena ayi?

Za ndalama imene inapita kale ndifuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa pamenepa vuto si masamu koma mtima. Mabuku amaitcha sunk cost, ndipo ife tili ndi mwambi wake: madzi akatayika saoleka. Mwambiwu tonse timaudziwa, koma ndalama ikakhala yathu timaiwala. Munthu amene wagula injini ya chigayo yakalekale, n'kuikonzetsa kanayi, akauzidwa kuti ikufunanso K500,000 amati, "Ndaonongapo kale zambiri, sindingaisiye." Koma zambirizo sizibwera poonjezapo zina. Funso loyenera ndi lakuti K500,000 ya leroyi ibweza zingati ikalowa mu injiniyi, ndipo ikanabweza zingati ikanapita kwina.

Musaganize kuti matendawa ndi a anthu osaphunzira. Mu 1962 maboma a Britain ndi France anasainirana pangano lopanga ndege yonyamula anthu yothamanga kuposa liwiro la mawu, imene anaitcha Concorde. Inauluka koyamba mu 1969 ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1976. Pofika nthawi imeneyo ndalama zinali zitaposa kangapo zimene anayerekeza poyamba. Ndegeyo inkamwa mafuta ochuluka, inkanyamula anthu pafupifupi 100 okha, ndipo chifukwa cha kugunda kwake konga bingu maiko ena anailetsa kuthamanga liwiro lotere pamwamba pa mtunda wawo. Makampani a ndege amene anali atasonyeza chidwi anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Anapanga ndege 20 zokha, ndipo 14 ndizo zinagwira ntchito yonyamula anthu, pansi pa British Airways ndi Air France, mpaka zinaleka mu 2003. Panali zifukwa zandale ndi za ulemu wa dziko zimene zinachititsa maboma awiriwo kupitiriza, koma china chinali chija cha mwini chigayo: talowetsapo zambiri. Mpaka lero akatswiri a zachuma amatchula kulakwa kotereku kuti Concorde fallacy.

Tibwerere kukhola la mayi aja, chifukwa pali china chimene pensulo yathu sinagwire. Manambala awiri amene tinayerekeza aja sali ofanana mphamvu. K620,000 ya kugula ndi mtengo wolembedwa pa thumba. Aliyense atha kupita kukauona. K560,000 ya kupanga ndi chiyembekezo chabe, chimene chikudalira kuti mayiwa apangadi chakudya chabwino ngati cha kufakitale. Nanga soya akapanda kukazingika bwino? Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya m'mimba. Nanga chimanga chikachita chuku m'nkhokwe, kapena laimu akachepa zikamba za mazira n'kuyamba kufewa? Tinene kuti mazira atsika ndi 10 okha patsiku. Pamwezi ndi mazira 300, mathireyi 10, ndipo thireyi ikakhala K9,000 ndiye kuti K90,000 yapita. K60,000 imene tinakondwera nayo ija yamezedwa yonse.

Munthu amene anaphunzira zimenezi ndi ndalama zambiri ndi Henry Ford, mwini fakitale ya galimoto ku America. Iye sankakonda kudalira ena. Fakitale yake ya River Rouge ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan, imene inatha kumangidwa mu 1928, inkasungunula yokha chitsulo, kupanga yokha magalasi ndi magetsi, ndipo kampaniyo inali ndi migodi, nkhalango ndi sitima zapamadzi zakezake. Chimene analibe ndi mpira wa matayala. Amene munadutsapo ku Vizara m'boma la Nkhata Bay mukuidziwa mitengo yake, ija amaicheka khungwa n'kutchera utomoni woyera m'tizikho. M'zaka zimenezo mpira wambiri unkachokera ku Asia, kumaiko amene ankalamulidwa ndi Britain ndi Netherlands, ndipo mu 1922 Britain inachepetsa dala mpira wotuluka ku Malaya ndi ku Ceylon kuti mtengo ukwere. Ford anaganiza zodzilimira yekha. Anapeza malo a maekala pafupifupi 2.5 miliyoni m'mbali mwa mtsinje wa Tapajós ku Brazil, ndipo mu 1928 anayamba kumanga mudzi ndi munda umene unatchedwa Fordlândia.

Pa pepala zinali zomveka, pakuti kwawo kwenikweni kwa mtengo wa mpira ndi ku Brazil komweko. Koma m'nkhalango mitengoyi imamera motalikirana, pakati pa mitengo ya mitundu ina. Anthu a Ford, amene ankadziwa za makina osati za ulimi wa mpira, anaibzala m'mizere mothithikana monga amachitira ku Asia. Ku Asia kunalibe matenda a masamba amene ali ku South America; ku Fordlândia matendawo pamodzi ndi tizilombo zinangoyenda mtengo ndi mtengo. Mu 1930 antchito anaukira chifukwa cha chakudya ndi malamulo achilendo amene anawaikira. Mu 1934 kampaniyo inatsekula munda wina ku Belterra, kumunsi kwa mtsinje womwewo, koma mpira umene anapeza unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene fakitale inkafuna. Mu 1945, mpira wopangidwa ndi mankhwala utayamba kufala, mdzukulu wake Henry Ford II anagulitsa malo onsewo ku boma la Brazil, kampani italuza ndalama zoposa madola 20 miliyoni. Nkhani ya Ford ndi ya zaka zambiri, osati ya mwezi umodzi ngati ya mayi athu a nkhuku, koma fupa lake ndi lomwelo: kudziwa kugwiritsa ntchito chinthu si kudziwa kuchipanga. Komabe mantha ake anali ndi maziko. Wogula kwa ena amakhala m'manja mwa wogulitsa, ndipo mlimi amene chakudya cha nkhuku chinamusowapo m'sitolo kwa sabata yathunthu akudziwa kuti nkhuku sizimva zoti galimoto yachedwa.

Lamulo lija limagwiranso ntchito pa zosankha zina za nthawi yochepa, ndipo ndizitchula mwachangu. Kondakitala wa minibasi amalidziwa ngakhale sanalowe m'kalasi mwathu. Galimoto yanyamuka kale, mpando umodzi uli wopanda munthu, ndipo panjira wina akuti ali ndi K3,500 m'malo mwa K5,000. Mafuta ndi omwewo, malipiro a dalaivala ndi omwewo, choncho K3,500 yonseyo ndi yoonjezera, ndipo kondakitala amati "kwerani" motsitsa mawu. Amatsitsa mawu chifukwa ena khumi ndi anayi akamva nawonso afuna mtengo womwewo. Ndipo pa depoti kumapeto kwa mwezi, anthu ali pamzere, sangavomere, chifukwa mpandowo uli ndi mwini wolipira zonse. N'chimodzimodzi kalipentala amene wapatsidwa oda ya madesiki pa mtengo wotsika: ngati anyamata ake akungokhala ndipo mtengowo ukuposa wa matabwa, misomali ndi vanishi, alandire, ngati ayenera kukana makasitomala ake a masiku onse kuti aikwanitse, awerengenso phindu limene alisiye.

Mlimi wa mtedza naye amasankha kugulitsa wosasenda kapena wosenda. Zonse zimene anaononga kumunda n'zofanana pa njira ziwirizi, choncho zituluke. Ayerekeze ndalama yoonjezera imene wosenda ubweretse ndi ndalama ya aganyu osenda, osaiwala kuti makoko akachoka kulemera kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu.

Chosankha chimene chimapusitsa ngakhale anthu a mabuku ndi chotseka mbali ina ya bizinesi. Tinene kuti pa sukulu pali dimba, khola la nkhuku ndi khola la nkhumba, ndipo malipiro a mlonda ndi bilu ya madzi zimagawidwa patatu. Buku likusonyeza kuti nkhumba zikuluza K20,000 pamwezi, koma m'kati mwa zimene azilembera muli K50,000 ya mlonda ndi madzi imene idzalipiridwabe ngakhale nkhumba zitapita. Kunena zoona nkhumbazo zikuthandiza ndi K30,000 pa mtolo wa onse. Mukatseka kholalo mlonda sachoka. Mtolo wake ungogwera dimba ndi nkhuku, ndipo mwezi wotsatira nkhuku nazo ziyamba kuoneka ngati zikuluza.

Chenjezo n'lakuti zonsezi ndi za nthawi yochepa. Lendi siisintha mwezi uno, koma pangano la nyumba likatha munthu atha kusamukira kochepa. Sikelo inagulidwa kale, koma ikadzathyoka padzafunika ina, ndipo tsiku limenelo mtengo wake udzalowa m'masamu. Wamalonda amene chaka chonse amagulitsa pa mtengo wa kondakitala uja adzapeza kuti palibe chogulira matayala. Ndiponso pensulo ikanena kuti kugula kukupulumutsa malipiro a wantchito, tizikumbukira kuti malipirowo ali ndi nkhope ndi ana kunyumba. Masamu amangotiuza kuti kumusunga munthuyo kudya zingati. Zoti timusunge kapena ayi ndi mlandu wa mwini ntchito ndi chikumbumtima chake.

Anzanga a Folomu 3 ndi 4, nali funso loti muyesere, ndipo makolo ndi Abambo ansembe ali omasuka kupikisana nafe. Manambala ake ndi ongopeka. Sukulu ina imagula malofu a buledi 3,000 pamwezi pa K2,000 lofu imodzi. Itati iziphika yokha, ufa, yisiti, shuga, mchere ndi mafuta zingadye K1,500 pa lofu, ndipo ingalembe wophika watsopano wa K200,000 pamwezi. Nkhuni zingachokere m'nkhalango ya bulugamu ya sukuluyo, zimene pakali pano zimagulitsidwa K400,000 pamwezi. Uvuni ulipo kale. Unamangidwa zaka zisanu zapitazo ndi K2,000,000 ndipo ukungokhala. Nyumba imene muli uvuniwo anabwereketsa kwa kalipentala amene amalipira K150,000 pamwezi, ndipo ayenera kutulukamo. Mkulu wa kukhitchini, amene amalandira K250,000, ndiye aziyang'anira ntchitoyo popanda kumuonjezera malipiro. Ndi ndalama ziwiri ziti zimene muzisiye kunja? Sukuluyi iphike kapena igule, ndipo kusiyana kwake ndi ndalama zingati pamwezi? Nanga zophikira za lofu imodzi zitakwera kufika pa mtengo wanji kuti yankho lanu litembenuke?